Musaboole bokosi la sabu musanawerengetsere

Loweruka lina m'mwezi wa Okutobala ndinaperekeza alamu anga ku Mchesi, kuja akalipentala amapalira matabwa m'mphepete mwa msewu, utuchi uli mbwee. Anali atangogula sabu, sipika yaikulu ija yotulutsa bezi m'galimoto, ya mainchesi 12 pamodzi ndi ampu yake yoipatsa mphamvu, ndalama zake zosonkhanitsa miyezi ingapo, ndipo chinatsala ndi bokosi basi. Kalipentala amene tinamupeza anali bambo wachikulire, waluso ndithu, woti mukaona mipando yake simungamukayikire. Anatembenuza sipika ija uku ndi uku, n'kusuzumira m'buti ya Sienta, kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Tiboole kapena tisaboole, bwana?"

"Boolani madala," anatero alamu. "Bezi izipeza potulukira."

Bambo uja anatola chivindikiro cha chitini cha penti, n'kuchiika pathabwa, n'kuzunguliza pensulo. Atadula, anasomekapo kachidutswa ka paipi ya pulasitiki, ija timayala pansi yochotsa madzi akubafa, kotalika ngati chikhatho changa. Ine ndinayesa kunenapo kuti kutalika kwa paipiyo kumafunika kuwerengetsera, koma alamu anangondigwira paphewa. "Alamu, inu ndi masamu anuwo. Bowo ndi bowo."

Masabata atatu sanathe. Tikubwera kuchokera ku Salima, nyimbo ikangotsikira pansi kwenikweni kumbuyo kunkamveka kho! kho! ngati wina akugogoda chitseko ali m'buti. Pofika m'tauni, sipika inali itayamba kukwecha. Titaimasula tinapeza kansalu kachikasu kamakwinyamakwinya kaja, kamene kamagwira koyilo, waya wokulungidwa uja amagwedeza sipika, kuti ikhale pakati, katang'ambika mbali imodzi.

Kalipentala uja sindimuimba mlandu, anachita zimene anauzidwa. Vuto ndi chikhulupiriro chimene chafala pakati pa ife okonda nyimbo m'galimoto muno mu Lilongwe, chakuti bokosi labowo, limene ogulitsa amati ported, ndiye la akuluakulu, pamene lotseka, limene amati sealed, ndi la munthu amene ndalama zamuperewera. Ine ndikuti kwa ambiri a ife, amene timayendera Vitz, Passo, Note, Mira kapena Sienta, bokosi loyenera ndi lotseka. Labowo ndi labwino, koma likhale loti wina wakhala pansi n'kuliwerengetsera molingana ndi sipika yeniyeniyo imene ilowemo. Likakhala longoganizira, ndi msampha wa ndalama zanu.

Tiyambe ndi mawu aja akuti bezi izipeza potulukira, chifukwa m'pamene pagona kusamvetsa konse. Bowo lija si khomo loti mawu otsekeredwa athawirepo. Tonse tinakula tikuuzira pakamwa pa botolo la Fanta kuti lilire huu. Mukathiramo madzi pang'ono kulirako kumakwera, mukawataya kumatsikanso. Chimene chimalira ndi mpweya wa pakhosi pa botolo, umene umadumphadumpha pamwamba pa mpweya wa m'mimba mwake ngati katundu pa sipuling'i. Wasayansi wa ku Germany, Hermann von Helmholtz, anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1800, ndipo mu 1930 Albert Thuras wa ku Bell Labs ku America analembetsa luso loika bowo lotere pabokosi la sipika. Bokosi labowo ndi botolo lomwe lija, kungoti ndi lalikulu: bokosi ndiye mimba, paipi ndiye khosi. Lili ndi liwu limodzi limene limalikonda, ndipo liwulo limadalira zinthu zitatu, kukula kwa bokosi m'kati, kukula kwa kamwa la paipi, ndi kutalika kwa paipiyo.

Tione ndi manambala. Tengani bokosi la malita 55 ndi paipi ya masentimita 10 kukamwa kwake. Kuti lizilira pa 35 Hz (Hz ndi muyeso wa liwu: nambala ikachepa, liwu latsika), pamene mabokosi ambiri a nyimbo za tsiku ndi tsiku amatcheredwa, paipiyo iyenera kutalika pafupifupi masentimita 27. Mukaidula pa masentimita 10, ngati mmene tinachitira ku Mchesi, bokosi lomwelo limakwera kufika pafupifupi 50 Hz. Mukangoboola thabwa osaikapo paipi n'komwe, limafika cha m'ma 65 Hz. Masentimita ochepa omwewo ndi amene amasiyanitsa bokosi loimba ndi bokosi longobuula.

Nanga n'chiyani chinang'amba sipika ya alamu? Pa liwu limene bokosi latcheredwa, paipi ndiyo imagwira ntchito yaikulu, ndipo koni, chimbale chija chimagwedezeka kutsogolo kwa sipika, imangosuntha pang'ono. Pamenepo m'pokoma. Koma nyimbo ikatsika kupitirira liwu limenelo, mpweya umangolowa ndi kutuluka pabowo popanda kukankha chilichonse, ndiye koni imatsala yopanda choigwira, ngati sipika yongoikidwa patebulo. Imapita kutsogolo mpaka polekezera, kubwerera mpaka koyilo kumenya chitsulo chakumbuyo. Ndiye kho! kho! uja. Tsono kumbukirani kuti chingwe chachikulu cha gitala ya bezi chimalira pa 41 Hz, ndipo pa magitala a zingwe zisanu, amene oimba ambiri a m'matchalitchi amakonda, chimatsika mpaka 31 Hz. Bezi yopangidwa pakompyuta ya m'nyimbo za masiku ano imatsikanso komweko. Bokosi la alamu linali pa 50 Hz. Tsiku lililonse sipika ija inkamenyedwa mosatetezedwa, eni ake akusangalala kuti galimoto ikunjenjemera.

Bokosi lotseka lilibe khalidwe limeneli. Mpweya wotsekeredwa m'kati umakhala ngati sipuling'i kumbuyo kwa koni: ikalowa m'kati mpweya umaikankha, ikatuluka umaikoka. Nyimbo itsike bwanji, chogwiracho chilipobe. Katswiri wa ku America, Edgar Villchur, ndiye anatchukitsa njira imeneyi mu 1954 ndi sipika yake ya AR-1, pofuna kusonyeza kuti bezi yakuya, yoyera, ingathe kuchokera m'bokosi laling'ono. Si kuti sipika ya m'bokosi lotseka siifa. Mukaipanikiza ndi ampu yokhuta mopitirira, koyilo imapsa ndithu. Koma kuti muiphe pamafunika khama, pamene ya m'bokosi labowo lolakwika imafa mukungomvera nyimbo mwachizolowezi.

Chimene ndimalikondera kwambiri bokosi lotseka n'chakuti limakhululuka. Tiyeni tivomereze mmene timapangira zinthu kuno. Sipika zambiri zimene timagula m'mashopu a ku Malangalanga kapena kwa anzathu zimabwera zopanda pepala lake, zina n'zakaunjika, zina dzina lili pachikuto silikugwirizana ndi zam'kati. Kalipentala amayeza ndi tepi, nthawi zina amayeza kunja kwa bokosi n'kuiwala kuti matabwa nawo amadya malo. M'bokosi lotseka mukaphonya ndi malita atatu kapena anayi, khutu silingazindikire kwenikweni. Likachepa kwambiri bezi imauma n'kumagunda pamwamba, likakula kwambiri imafewa, koma nyimbo imamvekabe ngati nyimbo. M'bokosi labowo cholakwa chilichonse chimabereka chinzake. Kukula kwa bokosi kukasintha, liwu la paipi lasintha. Paipi ikachepa kamwa, mpweya umathamanga kwambiri n'kumamveka fuu fuu ngati munthu wotopa ndi mtunda. Mukaikulitsa kamwa, iyeneranso kutalika, ndipo ikatalika imadya malo a m'bokosi momwemo, masamu n'kuyambiranso.

Akatswiri awiri, Neville Thiele wa ku Australia mu 1961 ndi Richard Small kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, anaika masamu amenewa poyera, n'chifukwa chake sipika yeniyeni imabwera ndi manambala ofotokoza khalidwe lake, otchedwa Fs, Qts ndi Vas. Makampani ngati Pioneer, JBL ndi Kenwood amalemba m'kabuku ka sipika kukula kwa bokosi limene akulangiza. Palinso pulogalamu yaulere ya pakompyuta, WinISD, imene mukaipatsa manambalawo imakuuzani kutalika kwa paipi. Lamulo lachidule limene opanga mabokosi amayendera n'lakuti sipika ya Qts yochepera 0.4 imakonda bowo, pamene yoposa pamenepo mpaka cha m'ma 0.7 imakhala bwino m'bokosi lotseka. Ndiye funso langa kwa aliyense wofuna kuboola ndi ili: manambala a sipika yanu muli nawo? Ngati mulibe, paipiyo mukuidulira pati? Safunsa anadya phula.

Pali chinanso chimene ogulitsa sakuuzani, mwina chifukwa nawonso sanachiganizirepo. Galimoto payokha imathandiza bezi. Funde la mawu a 40 Hz ndi lotalika mamita oposa 8, pamene Vitz yonse, kuyambira bampala yakutsogolo mpaka yakumbuyo, siifika mamita 4. Funde lotere silingatambasuke m'kanyumba kakang'ono choncho, ndiye m'malo moyenda limangofinya ndi kumasula mpweya wonse wa m'galimoto nthawi imodzi. Zotsatira zake n'zakuti kuyambira cha m'ma 70 kapena 80 Hz kutsika pansi, galimoto yotseka mawindo imakweza bezi yokha, pafupifupi 12 dB (dB ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) nthawi iliyonse liwu likatsika ndi theka. Tsono taonani kukumana kwake. Bokosi lotseka limafooka pang'onopang'ono kumunsi, ndi 12 dB yomweyo liwu likatsika ndi theka. Chimene bokosi likutaya, galimoto ikubwezera. Zimakwanirana ngati mphika ndi chivindikiro chake, ndipo khutu limamva bezi yosalala kuyambira pamwamba mpaka pansi. Bokosi labowo limayamba lakweza kale mawu pafupi ndi liwu la paipi, galimoto n'kuwonjezerapo, kenako pansi pake limagwa msanga ndi 24 dB. Likakhala lotcheredwa pamwamba ngati la alamu, mumapeza liwu limodzi lotupa limene limameza ena onse.

Imani pa Area 18 kapena pa depoti madzulo mumvetsere magalimoto odutsa. Ambiri simungadziwe nyimbo imene akuimba. Reggae, amapiano, kwaya, zonse zimamveka buu buu pa liwu lomwelo, nambala ya kumbuyo ikunjenjemera. Zimandipweteka chifukwa woimba gitala ya bezi uja anakhala mu situdiyo n'kusankha mawu ake limodzilimodzi. Mu reggae bezi ndiyo imatsogolera nyimbo, imayenda, imapuma, imayankha woimba. Ng'oma ya amapiano ija imatsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa lina, ndipo kukoma kwake kuli m'kutsetserekako. Bokosi likamangolira liwu limodzi, mwalipira ndalama zambiri kuti mufufute ntchito ya woimbayo.

Okonda bowo ali ndi mfundo yawo, ndipo si yopepuka. Bokosi labowo lopangidwa bwino limatulutsa mawu ochuluka pa mphamvu yomweyo, kawirikawiri 3 dB kapena kuposa pafupi ndi liwu la paipi. Nambalayo ikuoneka yaing'ono, koma kuti mupeze 3 dB ndi ampu yokha muyenera kuwirikiza mawati kawiri. Pa timagalimoto tathuti zimenezo n'zolemera. Ampu yopereka mawati 500 enieni imakoka magetsi okwana pafupifupi maampere 45 ikamagwira ntchito mokwanira, ndipo alitaneta ya galimoto yaing'ono inapangidwira nyali, fani ndi wailesi, osati katundu wotero. Ndani sanaonepo nyali zikuphethira motsatira ng'oma usiku? Choncho munthu akanena kuti bowo limamupatsa mawu aulere, sakunama. Ndipo amene amati bokosi labowo nthawi zonse limamveka mwamatope akulakwitsa. Ndinamvapo lina mu Probox ya mnyamata wina ku Biwi, lalikulu, lotcheredwa pansi, paipi yake yopindika m'kati ngati chigongono. Linkaimba moyera moti ndinachita kufunsa kawiri ngati lilidi ndi bowo. Mnyamatayo ananditulutsira kapepala kamene analembapo masamu ake onse.

Ndikuvomerezanso kuti pali ntchito zimene bokosi lotseka silingakwanitse. Galimoto yolengeza malonda m'misika, kapena yoperekeza ukwati zitseko zili pululu, kapena ya anyamata amene amakaimika kunyanja ku Senga Bay n'kutsegula buti kuti gulu livine, thandizo lija la kanyumba kotseka ilibe. Panja mawu amabalalika, ndipo pamenepo bowo limapambana poyera. Minibasi nayo ndi nyumba yaikulu, khomo lake silikhalitsa chotseka. Ngati ntchito yanu ndi imeneyo, boolani, koma werengetserani, ndipo ampu yanu ikhale ndi kabatani kolembedwa subsonic. Kamadula mawu apansi kwambiri amene amasiya koni yopanda choigwira. Katchereni pang'ono pansi pa liwu la paipi, monga cha m'ma 28 kapena 30 Hz ngati bokosi lili pa 35 Hz. Ampu ya alamu inali nako kabatani kameneka, koma palibe anakakhudza.

Koma ndi angati mwa ife amene ntchito yathu ndi imeneyo? Ambiri timamvera nyimbo tili pamzere wa magalimoto m'mawa kuchokera ku Area 25 kapena ku Area 23, mawindo otseka chifukwa cha fumbi, khutu lili mita imodzi kapena awiri kuchokera pa sipika. M'kanyumba kotero, sabu imodzi ya mainchesi 10 kapena 12 m'bokosi lotseka, ndi mawati 300 enieni, imakwana mpaka kutsala. Akatswiri a zamakutu amati phokoso la 85 dB munthu asakhalemo kupitirira maola 8 patsiku, ndipo likakwera ndi 3 dB nthawiyo imadulidwa pakati. Amene 3 dB yowonjezerayo imamukomera kwenikweni ndi munthu wa pamsewu amene mukufuna atembenuke. Inu muli m'katimo, pamodzi ndi ana pampando wakumbuyo, ndi amene mukuilipira ndi makutu.

Nkhani ya malo nayo si yaing'ono. Sabu ya mainchesi 12 imafuna malita 28 mpaka 35 m'bokosi lotseka, kunena kwake ndowa imodzi ndi theka ya malita 20. Yomweyo m'bokosi labowo imafuna malita 50 mpaka 70, ndowa zitatu, kuwonjezerapo malo a paipi, komanso kamwa la paipi liyenera kutalikirana ndi khoma la buti kuti lipume. Mu Passo ndiye kuti buti yatha. Galimoto yathu kuno si yoonetsera ayi. Imanyamula thumba la chimanga kuchokera kumudzi, makala, masutikesi a ana opita kusukulu yogonera, nthawi zina mpaka matenti a pamaliro. Teyala lapadera lili pansi pa bokosi, ndipo tsiku limene mudzaphulitse teyala usiku pa M1 mudzafunika kulinyamula bokosilo nokha. Bowo lija limalandiranso alendo. M'bokosi la alamu tinapezamo njere za chimanga zodzaza dzanja, fumbi lofiira la chilimwe, ndi chivindikiro cha botolo. Kwa ena mumalowa mphemvu ndi mbewa.

Mabokosi ogula okonzakonza aja, okutidwa kapeti yakuda, ena oyaka timagetsi tabuluu pabowo, ndimawaopa kuposa a ku Mchesi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Bokosi lotero linapangidwa mosadziwa sipika imene idzalowemo, ndipo ambiri amawatchera pamwamba dala kuti akakuyatsirani m'shopu kwa mphindi imodzi, chifuwa chigunde, dzanja lipite m'thumba. Ligogodeni ndi chala. Likamalira ngati ng'oma ndiye kuti thabwa lake ndi lopyapyala, ndipo lizidzaimba nyimbo yakeyake pamwamba pa yanu. Chimodzimodzi mawati 2000 kapena 3000 olembedwa ndi zilembo zikuluzikulu pakatoni. Funani nambala imene yatsatana ndi zilembo RMS, imeneyo ndiyo yoona. Kabatani ka bass boost nako kasiyeni pansi: kukweza ndi 6 dB kokha ndi kupempha ampu mphamvu yowirikiza kanayi.

Bokosi lotseka labwino kalipentala aliyense wa ku Mchesi angalipange, bola mumuuze zoyenera. Thabwa likhale MDF, lija lopangidwa ndi utuchi wopanikiza, ya mamilimita 18, kapena pulayiwudi yokhuthala chimodzimodzi. Miyeso ikhale ya m'kati: masentimita 40 kuchulukitsa ndi 35 kuchulukitsa ndi 25 ndi malita 35, n'kuchotserapo awiri kapena atatu amene sipika imadya. Guluu wamatabwa pa mfundo iliyonse, masikuluu, kenako silikoni m'makona onse a m'kati ndi pamene mawaya atulukira, ndipo silikoniyo ayambe wauma musanamange sipika. Likatha, kanikizani koni pang'onopang'ono ndi zala mozungulira pakati. Izilimba, ndipo mukaisiya ibwerere modekha. Mukamva mpweya ukutuluka penapake, ntchito sinathe. MDF imadana ndi madzi, imafufuma ngati buledi, ndiye ngati buti yanu imadontha m'dzinja pakani penti ndipo muliike pa timiyendo. Limangeni ndi malamba kapena mabawuti kuti pa buleki yadzidzidzi lisauluke, ndipo waya wochokera ku batire akhale ndi fyuzi pafupi ndi batire pomwepo.

Alamu anakhala miyezi iwiri opanda sabu, akusonkhanitsanso ndalama. Atagula ina, yokhala ndi kabuku kake, tinabwerera kwa bambo yemwe uja, ine nditalemba miyeso kuseri kwa risiti. Anaiwerenga, n'kuyeza kawiri asanadule, ndipo anagwira ntchito yaukhondo kwambiri. Pomaliza anafunsanso, pensulo ili kukhutu.

"Lero sitiboola, bwana?"

"Lero ayi madala, tsekani ndithu."

Pobwerera tinadzera msewu wa ku Kanengo, alamu ataika nyimbo ya kwaya ya kutchalitchi kwawo imene akhala akuimvera zaka ziwiri. Pakati pa nyimboyo anachepetsa liwiro, n'kuibweza pang'ono, n'kumvetseranso.

"Alamu, kodi wa bezi uyu amakwera chonchi pamenepa? Ine ndinkayesa amangokhala pamodzi."

Kumbuyo, pambali pa bokosi, panali patakwana thumba la ufa ndi kabasiketi ka tomato ka achemwali anga.